Pampu ya Dizilo Ikavuta: Kugula Zitsulo Motchipa Osapha Injini

Takulandirani ku pulogalamu yathu ya za magalimoto.

Lero tikamba nkhani imene imagonetsa eni malole ambiri ndi mutu waukulu. Lole yayamba kuvuta kulira m'mawa, pa chitunda ikufooka, utsi uli tolotolo. Mwapita nayo ku galaja ndipo makaniko wapukusa mutu n'kunena kuti, "Bwana, vuto ndi pampu, ndipo ma injector nawonso atha." Mwafunsa mtengo wa zatsopano, mwatsala pang'ono kukhala pansi. Zitsulo zimenezi sitipanga kuno, zonse zimachokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mitengo yake yakhala ikungokwera. Ndiye funso la aliyense ndi lakuti: kodi zotchipa zingapezeke kuti?

Zotchipa zilipo, ndipo ndikuuzani kumene zili. Koma mfundo imene ndikufuna muigwire lero ndi iyi: yezetsani kaye musanagule, gulani ndi nambala osati ndi maso, ndipo pa sefa musaumire. Ndiibwereza kangapo tisanasiyane, chifukwa ndalama zambiri zimatayika pa zinthu zitatu zimenezi.

Tiyambe ndi kutsatira dizilo pa ulendo wake, chifukwa munthu amene sadziwa njira imeneyi amagulitsidwa chilichonse.

Dizilo amayambira m'thanki. Kuchokera m'menemo amakokedwa kudzera m'paipi, n'kudutsa pa kachipangizo kolekanitsa madzi ndi mafuta, kaja kamakhala ndi kabotolo pansi pake. Kenako amadutsa mu sefa, imene imagwira fumbi ndi dzimbiri. Amene amamukoka pa mtunda wonsewu ndi kapampu kakang'ono, ndipo malole ambiri ali ndi kena kopopa ndi dzanja kamene timatulutsira mpweya tikasintha sefa. Akatero dizilo amafika pa pampu yaikulu. Imeneyi ndiyo imamupanikiza mwamphamvu n'kumutumiza ku ma injector, amene amamupopera ngati nkhungu m'kati mwa injini. Wotsala amabwerera ku thanki kudzera m'paipi ina.

Mwaona kuchuluka kwa malo amene vuto lingabisale? Pa malo onsewa, odula kwambiri ndi awiri okha: pampu yaikulu ndi ma injector. Enawo ndi otchipa. Chomvetsa chisoni n'chakuti lole ikangofooka, chala chimayamba kuloza pa odula aja.

Ndiye tikambe za kuyezetsa, ndipo apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa chitsulo chotchipa kuposa zonse ndi chimene simunachigule n'komwe.

Lole yovuta kulira m'mawa kawirikawiri imakhala kuti ikuyamwa mpweya. Paipi ya labala yakalamba n'kung'aluka, kapena kapampu ka pamanja kaja katha, ndiye usiku dizilo amabwerera ku thanki, m'mapaipi n'kutsala mphepo. Makaniko wodziwa ntchito amalumikiza kapaipi koonekera m'kati pafupi ndi pampu, n'kuliza injini. Akaona thovu likuyenda m'kapaipiko, wadziwa kuti mpweya ukulowa penapake, ndipo pampu yaikulu ilibe mlandu. Njira ina n'kuthira dizilo woyera m'chigubu choyera, n'kulumikiza kuti injini imwe kuchokera m'chigubumo. Ikalira bwino, vuto lili ku thanki kapena m'mapaipi ochokera ku thanki.

Pali kanthu kena kamene ambiri amakaiwala. Pa malole ambiri akale a ku Japan, m'kati mwa bawuti imene imalowetsa dizilo pa kapampu kakang'ono muja mumakhala kasefa ka waya, kochepa ngati nsonga ya chala. Kakatsekeka ndi zinyalala, lole imafooka pa chitunda ngati kuti pampu yafa. Kutsuka kasefa kameneka sikufuna kugula kanthu. Chimodzimodzi kabowo kolowetsa mpweya pa chitsekero cha thanki: kakatsekeka, lole imayenda mtunda pang'ono n'kuyamba kutsamwa, mukatsegula chitsekero mumamva mpweya ukulowa mwamphamvu.

Utsi nawo umalankhula. Wakuda umatanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo musanaweruze ma injector, yang'anani sefa ya mpweya, makamaka ngati lole imayenda m'misewu yafumbi ya kumidzi. Wobiriwira ngati mtambo nthawi zambiri ndi oilo akupsa, ndipo limenelo ndi vuto la injini yeniyeniyo kapena turbo, osati la dizilo. Woyera ungakhale dizilo wosapsa, ungakhalenso madzi akulowa m'injini. Injini imene yatha m'kati, yosapanikiza bwino mpweya, imavutanso kulira ngakhale mutaiikira pampu yatsopano ya m'katoni. Tangoganizani, mwagulitsa ng'ombe kuti mugule pampu, mwamanga, lole ikuvutabe chimodzimodzi. Zimenezi zimachitika, ndipo zimandiwawa mtima chifukwa kuyeza kukanaulula zonse tsiku limodzi.

Kwa inu amene muli ndi malole atsopanoko, a mtundu umene amautcha common rail, kuyeza kwake kumayamba ndi kompyuta. Makaniko amalumikiza kachipangizo kowerenga zimene injini ikudandaula. Nthawi zambiri chimapezeka ndi sensa, waya wothothoka, kapena kavavu kakang'ono ka pa pampu kamene kamayang'anira kuchuluka kwa dizilo wolowa. Kavavu kameneka kamagulitsidwa pakokha. Palinso kuyeza dizilo amene injector iliyonse ikubweza ku thanki, pogwiritsa ntchito timabotolo tofanana. Injector imene yadzaza kabotolo kake msanga kuposa zinzake ndiyo yatha, ndipo mwina zinazo zidakali ndi moyo.

Choncho makaniko akanena kuti pampu yafa, mufunseni mwaulemu kuti, "Amisiri, mwaona chiyani chimene chakuuzani zimenezi?" Mmisiri weniweni sakwiya ndi funso lotere, amakuonetsani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mfundo yathu yoyamba ija ndi imeneyi: yezetsani kaye musanagule. Tipume pang'ono ndi nyimbo. Tikabwerera ndikuuzani amene amapanga pampu ya m'lole yanu, chifukwa si amene dzina lake lalembedwa kutsogolo kwa lole.

(Nyimbo)

Takulandiraninso. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za mmene tingapezere zitsulo za dizilo motchipa osawononga injini ya lole.

Tsono mvetserani chinsinsi chimene ogulitsa ambiri sangakuuzeni. Makampani opanga malole, ambiri a iwo sapanga okha pampu ndi ma injector. Lole ingalembedwe Isuzu, Fuso Canter, Toyota Dyna, Hino kapena UD, koma mukayang'ana kachitsulo kolembedwa kamene kanakhomedwa pa pampu, mupeza dzina lina. Mupeza Bosch, kampani ya ku Germany imene inayamba kupanga mapampu a dizilo ambirimbiri mu 1927. Mupeza Denso, ya ku Japan, imene inatuluka m'kampani ya Toyota mu 1949, ndipo ndiyo inaika common rail pa lole ya Hino Ranger mu 1995. Mupeza Zexel, imene kale inkatchedwa Diesel Kiki ndipo pambuyo pake inalowa m'manja mwa Bosch. Pena mupeza Delphi.

Izi zikutanthauza chiyani ku thumba lanu? Zikutanthauza kuti chitsulo chimodzi chomwecho chimagulitsidwa m'makatoni awiri. Katoni ina imalembedwa dzina la lole, ina imalembedwa dzina la amene anachipanga. Nthawi zambiri ya dzina la wopangayo imatsikirako mtengo, pomwe m'kati muli chinthu chimodzi. Mwachitsanzo, injini ya Isuzu yotchedwa 4HK1 imagwiritsa ntchito common rail ya Denso. Mwini lole wodziwa zimenezi amafunsa mitengo iwiri, ya m'katoni ya Isuzu ndi ya m'katoni ya Denso, n'kusankha. Kumeneku ndiko kutchipa kopanda chiopsezo, ndipo ine ndinganene kuti ndi khomo loyamba limene muyenera kugogoda.

Koma kuti mugogode pa khomo limeneli, mufunika nambala. Musapite ku sitolo n'kunena kuti, "Ndikufuna injector ya Canter." Ma Canter alipo amitundumitundu, ena anabwera atagwira kale ntchito ku Japan, ena anadzera ku South Africa, ena eni ake akale anasinthamo injini. Ma injector awiri angafanane kunja ngati mapasa, ulusi wake n'kumanga bwinobwino, koma m'kati timabowo topopera n'tosiyana. Mukamanga yolakwika, lole idzalira inde, koma idzamwa mafuta, idzafuka, ndipo pang'onopang'ono idzadya injini.

Nambala zofunika n'zitatu. Ya chasisi, imene ili pa chikalata cha galimoto komanso inadindidwa pa chitsulo cha lole. Ya injini. Ndi ija yolembedwa pa chitsulo chimene mukufunacho, kaya pa kachikwangwani ka pampu kapena pa thupi la injector. Pukutani bwino, jambulani ndi foni masana kukuwala, tumizani chithunzicho pa WhatsApp kwa ogulitsa atatu kapena anayi, ku Limbe, ku Lilongwe, ku Mzuzu. Wogulitsa amene wakufunsani nambala musanaitchule ndi woti muzimusunga. Amene wangoti, "Zonse n'zimodzi, bwana, ikwana," chokanipo.

Gulani ndi nambala, osati ndi maso. Imeneyo ndi mfundo yachiwiri.

Tsopano tikambe za kukonzetsa m'malo mogula chathunthu. Pampu ya dizilo si chinthu chimodzi chotayidwa chikavuta. M'kati mwake muli tizitsulo tambiri, ndipo chilichonse chimagulitsidwa pachokha. Pampu imene ikudontha kunja, kapena imene ikulowetsa dizilo mu oilo mpaka muyezo wa oilo kumakwera wokha, kawirikawiri imangofuna timalabala tatsopano, ndipo timeneti timagulitsidwa m'kapaketi kamodzi. Injector ya mtundu wakale, yopanda waya, chimene chimatha ndi kansonga kake, nozzle, ndipo thupi lonse limakhala labwinobwino. Mumasintha kansongako, mmisiri n'kuyeza kuti ikutseguka pa mphamvu yoyenera ndiponso sikudontha.

Apa ndikuchenjezeni mwamphamvu. Ntchito yotsegula pampu si ya pansi pa mtengo wa mango. Ndikulemekeza amakaniko athu a m'mbali mwa msewu, amatiombola usiku pamene palibe wina, ndipo ambiri ali ndi luso lodabwitsa. Koma pampu imafuna chipinda chopanda fumbi ndi makina oyezera, amene amaizungulitsa ngati ili pa injini n'kuonetsa dizilo amene ikupereka ku silinda iliyonse. Popanda makina amenewa munthu amangoyerekeza. Pitani nayo kwa akatswiri a mapampu, pemphani kuti muonerere ikuyezedwa, ndipo akupatseni pepala la zotsatira. Muwauzenso kuti zitsulo zakale zimene achotsa akubwezereni. Si kuti mukuwaganizira zoipa ayi, ndi katundu wanu, ndipo mmisiri wachilungamo amazikulunga yekha m'pepala musanapemphe.

Palinso njira yosinthana. Mumapereka pampu kapena injector yanu yakufa, iwo n'kukupatsani ina yokonzedwa kale ndi kuyezedwa, inu n'kuwonjezera ndalama. Makampani akuluakulu ngati Bosch ali ndi dongosolo lotere, ndipo magalaja ena a mapampu amachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake chitsulo chakufa musamachitaye kapena kuchigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Chili ndi mtengo. Kungoti mawu oti "yokonzedwa" amabisa zambiri. Wina wasintha zonse zam'kati n'kuyeza, wina wangotsuka ndi palafini n'kupaka utoto. Funsani kuti asinthamo chiyani, ndipo akupatsani miyezi ingati yoti mubweze ikavuta. Yankho lake lilembedwe pa lisiti.

Nanga zogwiritsidwa kale ntchito? Zimenezi zili paliponse, zochotsedwa pa malole a ngozi kapena pa mainjini obwera kuchokera ku Japan, ena kudzera ku Dubai ndi Sharjah, ena ku Durban kapena Dar es Salaam. Pa zinthu monga thanki, chitsekero, mutu womangirapo sefa ndi zogwirizira mapaipi, gulani ndithu, palibe choopsa, bola muone kuti mulibe dzimbiri kapena mng'alu. Pampu ndi ma injector ndiye pamafunika mtima wodekha. Pampu imene yakhala pa shelefu chaka chathunthu mabowo ake ali pululu imakhala itachita dzimbiri m'kati, ngakhale kunja ikuwala. Gwirizanani ndi wogulitsa kuti mupita nayo limodzi ku makina oyezera, ndipo mulipira ikapambana. Akakana, mwadziwa kale yankho.

Ena a inu mumatuma abale kapena madalaivala anzanu opita ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam kuti akugulireni. Nthawi zina zimatchipadi. Koma werengerani zonse: mtengo wa kumeneko, ndalama yosinthira, ya wonyamula, msonkho wa MRA pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, ndi masiku amene lole idzakhale itaima kudikira. Ngati ndi nyengo yonyamula fodya kupita ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, sabata ziwiri za lole yogona zingadye phindu lonse limene mumafuna kupulumutsa. Ndipo chitsulo chikabwera cholakwika, kuchibweza kunja ndi nkhani ina. Amene mumagula pa intaneti, vuto ndi lomweli, kuwonjezapo kuti wogulitsayo simukumuona. Chimene chimathandiza n'kugwirizana eni malole angapo a mtundu umodzi, kuitanitsa pamodzi masefa ndi timalabala, n'kugawana mtengo wonyamulira.

Tafika pa gawo limene ndikufuna mutchere khutu kwambiri, la zitsulo zachinyengo, zija timati feki, ndi malo amene kuumira kumapha injini.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali makampani odziwika amene amapanga zitsulo zolowa m'malo mwa za jenuwini, n'kulembapo dzina lawo mosabisa. Pa masefa tingatchule Fleetguard, Donaldson, Mann-Filter, Baldwin, ndi GUD ya ku South Africa. Amenewa si achinyengo, ndipo nthawi zambiri ndi kumene mungapulumutsire ndalama. Achinyengo ndi amene amapanga chinthu chosalimba n'kuchiveka katoni ya Bosch, ya Denso, ngakhale ya masefa ndatchulawa. Muwazindikira bwanji? Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa ogulitsa ena onse, dabwani. Yang'anani zilembo za pa katoni ngati zili zolakwika kapena zofufutika, yang'anani nambala ya pa chitsulo ngati ikufanana ndi ya pa katoni, ndipo yerekezani ndi chakale chija m'manja. Komabe ndinene mosabisa kuti achinyengo a masiku ano amakopera mwaluso, moti maso okha sangakutetezeni. Chitetezo chenicheni ndi sitolo yokhazikika, imene mudzaipeza pomwepo mawa, ndi lisiti lolembedwa nambala ya chitsulocho. Mukagulitsidwa chachinyengo wogulitsa n'kukana kukubwezerani, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma popanda lisiti mudzavutika kufotokoza.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira za sefa? Tizitsulo ta m'kati mwa pampu ndi injector timagwirana mothina kwambiri, mpata wake ndi wochepa kuposa tsitsi la munthu kambirimbiri. Kafumbi kamene diso silingakaone n'kokwanira kukanda m'katimo. Ndipo mu common rail dizilo amapanikizidwa kuposa mpweya wa m'tayala la lole maulendo oposa 200. Pa mphamvu yotere, kafumbi kalikonse kamasanduka chosemera. Sefa yachinyengo kunja imaoneka bwino, koma pepala lake la m'kati limakhala lochepa, lotakata mabowo, pena lomatidwa mosalimba moti dizilo amangodutsa m'mbali. Mwapulumutsa ndalama ya chakudya cha masana, mwaika pa ngozi ma injector a ndalama zankhaninkhani. Pa zinthu zonse za dizilo, sefa ndi imodzi mwa zotchipa, koma ndiyo imateteza zodula zonse. Pa sefa musaumire.

Chimodzimodzi timawashala ta kopa timene timakhala pansi pa injector. Tikamangidwa kamodzi timaphwanyika kuti titseke bwino, ndipo sitibwerezedwa. Mukabwezeretsa takale, mpweya wotentha umatuluka m'mbali, mwaye n'kuundana mpaka injector kukanirira m'malo mwake. Nozzle yachinyengo nayo ndi yoopsa: m'malo mopopera nkhungu imadontheza, ndipo dontho limenelo lingabowole pisitoni. Pamenepo simukukambanso za injector, mukukamba zotsitsa injini yonse.

Mapaipi achitsulo ochokera ku pampu kupita ku ma injector akang'aluka, musawotcherere. Gulani ena. Ndipo inu amakaniko achinyamata, ndikukupemphani ndi mtima wonse, musamafufuze podontha ndi chala injini ikulira, ndipo pa common rail musamasule paipi injini ili moyo monga tinkachitira pa malole akale. Dizilo wotuluka pa kabowo ndi mphamvu imeneyo amabowola khungu n'kulowa m'thupi. Bala lake limaoneka laling'ono, koma munthu angaduke chala kapena dzanja. Zikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukawauze madokotala kuti mafuta alowa m'kati.

Kanthu kena kwa a common rail: ma injector ambiri a mtundu umenewu ali ndi nambala yawoyawo imene iyenera kulowetsedwa m'kompyuta ya lole akamangidwa. Musanagule, funsani ngati makaniko wanu ali ndi chipangizo cholowetsera nambalayo, ndipo mtengo wa ntchito imeneyi muuwerengere limodzi.

Tisanatseke nkhani ya zitsulo, pali funso limene ambiri sadzifunsa: chinapha chitsulo chakalecho n'chiyani? Mukapanda kuliyankha, chatsopanocho chidzafa imfa yomweyo. Makaniko akatsegula sefa n'kupeza tizidutswa tonyezimira ta chitsulo, ndiye kuti pampu yadzidya m'kati ndipo tizidutswato tafalikira paliponse, m'mapaipi, m'ma injector, mpaka kubwerera ku thanki. Apa palibe chidule. Thanki itsitsidwe n'kutsukidwa, mapaipi atsukidwe kapena kusinthidwa, ma injector akayezedwe. Kumanga pampu yatsopano pa thanki yakuda n'kutaya ndalama kawiri.

Ndipo tinene zoona za mafuta a m'zigubu. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira dizilo akasowa, mizere italika pa malo omwetsera mafuta, katundu wa eni ake ali pa lole, foni ikungolira. Munthu amagula kumene wapeza, ndipo sindikuweruza aliyense. Koma dziwani chimene mukuika m'thanki. Pampu imadalira dizilo yemweyo kuti tizitsulo take titerere. Palafini alibe kuterera kokwanira, ndiye dizilo wosakaniza ndi palafini amaipukuta pampu mpaka kutha. Madzi amabweretsa dzimbiri. Chigubu chimene dzulo munali zina chimabwera ndi zinyalala zake. Ngati mwakakamizika, musathire mwachindunji. Siyani chigubucho chikhazikike kuti madzi ndi zinyalala zitsike pansi, thirani kudzera pa sefa yabwino, ndipo otsalira a pansiwo musawathire. Mukatero, tsegulani kabotolo kolekanitsa madzi kaja m'mawa uliwonse, ndipo sefa muisinthe msanga kuposa nthawi yake. Inu eni malole, dalaivala mukamupatsa ndalama yosakwana dizilo wa pa malo omwetsera mafuta, musadabwe akakagula wa m'mbali mwa msewu.

Ndiye taganizirani za lole yanu kapena ya abwana anu usiku uno. Sefa ya dizilo munasintha liti, ndipo munaigula kuti? Kabotolo ka madzi kaja munakatsegula liti komaliza? Lole itaima mawa pa Chingeni, kodi mungatchule nambala ya pampu yanu pa foni, kapena mudzangoti "ndi ya Canter"? Paja tati yezetsani kaye, gulani ndi nambala, ndipo pa sefa musaumire.

Ndikusiyireni ntchito imodzi yoti muchite mawa m'mawa lole isananyamuke. Tengani kansalu, pukutani kachikwangwani ka pa pampu, jambulani nambala yake pamodzi ndi ya injini, ya chasisi ndi ya sefa. Zilembeninso m'kabuku kamene kazikhala m'lole, ndipo chithunzicho mutumizire makaniko wanu ndi wina wa kunyumba. Amakaniko amene mukuphunzitsa achinyamata m'magalaja, awonetseni lero kasefa ka m'bawuti kaja ndi mmene amayezera mpweya ndi kapaipi koonekera.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Madalaivala amene muli pa msewu, yendani bwino, mukafike ndi mtendere.